Magalimoto Obisika a ku Mulhouse

Pa 7 Malichi 1977, mu mzinda wa Mulhouse kum'maŵa kwa dziko la France, gulu la anthu amene ntchito idali itaŵathera lidaloŵa mwamphamvu m'nyumba ina ya fakitale yakale yopota ulusi. Kwa zaka zambiri anthuŵa ankamva mphekesera zakuti mabwana ao akusunga magalimoto m'nyumbamo, koma ochuluka a iwo adali asanapondemo phazi chiyambire. Zimene adapezamo zidaŵasiya kukamwa kuli yasa. M'chipinda chimodzi chachikulu kuposa mabwalo aŵiri a mpira mudali magalimoto oposa 400, oikidwa m'mizere yoongoka, opukutidwa mpaka munthu kumadziona nkhope pa penti. Ambiri mwa magalimotowo adali amakedzana, a mtundu umene mafumu ndi anthu olemera kwambiri okha ndiwo ankakwera nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse isanabuke mu 1939. Tsono oona zimenezi adali amuna ndi akazi amene miyezi ingapo m'mbuyomo adali atauzidwa kuti kampani ilibenso ndalama zoŵalipira.

Kwathu kuno galimoto ikakalamba timaiyendetsa mpaka itafera panjira, kenaka timaikokera kuseri kwa nyumba kuti nkhuku ziziikiramo mazira. Chotero oŵerenga ena adzadabwa kumva kuti ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amafunafuna magalimoto a zaka 90 kapena 100, naŵagula pa mtengo woposa wa nyumba, naŵonongerapo zaka zambiri poŵakonzanso. Nkhani ya abale aŵiri, Hans ndi Fritz Schlumpf, ndiyo yodziŵika koposa zonse pa khalidwe limeneli. Koma kuti timvetse chimene chidaŵagwira mtima, tiyambe taona mmene magalimotowo ankapangidwira.

Galimoto yosokedwa ngati suti

M'masiku amenewo munthu wogula galimoto yapamwamba kaŵirikaŵiri sankagula galimoto yathunthu ai. Kampani monga Rolls-Royce ya ku England, Duesenberg ya ku America, Isotta Fraschini ya ku Italy, Hispano-Suiza kapena Bugatti, inkamgulitsa chimango chachitsulo cha pansi, chimene amakaniko amati chasisi, pamodzi ndi injini, matayala, chiwongolero ndi redieta. Mwiniwakeyo ankatenga zimenezi n'kupita nazo kwa amisiri ena omanga bodi, monga momwe munthu amagulira nsalu m'sitolo n'kupita nayo kwa telala kuti akamuyese. Ambiri a amisiri ameneŵa luso lao adalitengera kwa makolo ao amene ankapanga ngolo zokokedwa ndi akavalo. Ankayamba ndi kumanga mafupa a bodi ndi matabwa a mtengo wotchedwa ash, umene uli wolimba koma wosathyoka msanga ukapindidwa, kenaka ankakuta mafupawo ndi malata a chitsulo kapena a aluminiyamu osulidwa pamanja. M'kati ankayalamo zikopa, nsalu zaubweya ndi matabwa osalala onyezimira. N'chifukwa chake magalimoto aŵiri a kampani imodzi, a chaka chimodzi, ankatha kusiyana maonekedwe monga momwe asiyanira anthu aŵiri a mbumba imodzi.

Mwa opanga magalimoto onseŵa, amene dzina lake lidzabwera kaŵirikaŵiri m'nkhani ino ndi Ettore Bugatti. Iye adabadwira ku Milan mu 1881 m'banja la amisiri ndi osema, ndipo mu 1909 adatsekula fakitale yake ku Molsheim, m'chigawo cha Alsace, chomwecho muli Mulhouse. Magalimoto ake aang'ono a mpikisano, makamaka Type 35 imene idatuluka mu 1924, adapambana mipikisano yosaŵerengeka. Koma Bugatti sadakhutire ndi liŵiro lokha. Adafuna kupanga galimoto yoposa zonse pa dziko lapansi, yoti azikwera mafumu, ndipo adaipangadi. Dzina lake ndi Type 41, koma anthu amaidziŵa ndi dzina lakuti Royale, ndiye kuti yachifumu.

Taganizani galimoto ya banja limodzi yotalika mamita oposa 6, yolemera matani pafupifupi 3, ya injini ya masilinda 8 ndi malita 12.7, pamene magalimoto aang'ono amene timaŵaona m'miseu lero ambiri injini zao sizifika ndi malita 2 omwe. Pamwamba pa redieta padaimikidwa kachifanizo ka njovu yoimirira ndi miyendo yam'mbuyo, kochokera pa chosema cha Rembrandt Bugatti, mng'ono wake wa Ettore, amene adamwalira mu 1916. Bugatti adalinga zopanga magalimoto 25 otere. Komatu chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1929 chuma cha maiko ambiri chidagwa, mafakitale adatsekedwa, ndipo ngakhale olemera adayamba kuchita manyazi kuyenda m'galimoto yotere pakati pa anthu anjala. Mfumu Alfonso XIII ya ku Spain, imene inkayembekezeka kugula, idachoka pampando mu 1931. Mapeto ake adapangidwa 6 okha, adagulidwa 3 okha, ndipo palibe mfumu ndi imodzi yomwe imene idagulako. Woyamba kugula, mu 1932, adali Armand Esders, mkulu wa malonda a zovala, amene adalamula kuti yake asaiikire nyale zakutsogolo popeza sankafuna kuyenda usiku. Chidapulumutsa Bugatti pa chitayiko chimenechi ndi njanji: injini za mtundu wa Royale adaziika m'masitima apamtunda othamanga, amene adanyamula anthu wamba a ku France kuyambira 1933 mpaka 1958.

Mu Ogasiti 1939 Jean Bugatti, mwana amene ankayembekezeka kuloŵa m'malo mwa bambo wake, adafa pa ngozi akuyesa galimoto ya mpikisano. Patangopita milungu itatu nkhondo idabuka. Ettore adamwalira mu 1947, ndipo fakitale ya ku Molsheim sidadzukenso monga kale.

Nkhondo itatha, magalimoto apamwamba akalewo adasanduka katundu wolemetsa. Ankamwa petulo wambiri, zipangizo zake zidali zosoŵa, ndipo anthu ankafuna magalimoto atsopano opangidwa ambirimbiri pa mtengo wotsika. Ena adadulidwa kumbuyo nasandutsidwa malole, ena adaphwanyidwa nagulitsidwa ngati zitsulo zotha ntchito. Royale ina, imene injini yake idang'ambika madzi ataundana m'kati ndi chisanu, idapezeka pa bwalo la zitsulo zotayidwa ku New York m'zaka za m'ma 1940. Injiniya wa kampani ya General Motors, Charles Chayne, adaigula pa mtengo wochepa naikonza, ndipo lero ili m'nyumba yosungiramo zakale ya Henry Ford ku Dearborn. Zitatu zimene sizidagulidwe zija, a banja la Bugatti adazibisa pa nthaŵi ya nkhondo pozimangira khoma la njerwa ku nyumba yao ku Ermenonville. Mu 1950 Briggs Cunningham wa ku America adagulako ziŵiri, ndipo mtengo wake udali ndalama pang'ono ndi mafiriji aŵiri atsopano, pakuti firiji idali chinthu chosoŵa ku France pa nthaŵiyo. Oŵerenga asunge mafiriji aŵiriŵa m'mutu, tidzaŵapezanso kutsogoloku.

Ana a mai Jeanne

Hans Schlumpf adabadwa mu 1904 ndipo Fritz mu 1906, onse ku Omegna m'dziko la Italy. Bambo ao adali a ku Switzerland, mai ao, a Jeanne Becker, adali a ku Mulhouse, ndipo n'kumene anaŵa adakulira. Bambo adamwalira iwo akali anyamata, tsono adaleredwa ndi mai okha, amene adaŵakonda moposa muyeso moyo wao wonse. Hans adayamba ndi ntchito ya ku banki, Fritz ndi malonda a ubweya wa nkhosa. Mu 1935 adakhazikitsa kampani yao, ndipo pang'onopang'ono adagula mafakitale opota ulusi waubweya, kuphatikizapo ya ku Malmerspach, mudzi wa m'chigwa cha mapiri a Vosges, kumene adamangako ulamuliro wao. Hans adatchuka ndi kuuma manja ndi kuŵerengera mphindi iliyonse ya wantchito. Fritz ndiye adali wolamula, wokonda zazikulu, ndiponso wokonda magalimoto. Adali ndi Bugatti yake ya mpikisano imene ankathamanga nayo m'mapiri.

Mu 1957 mai ao adamwalira. Chaka chomwecho abaleŵa adagula fakitale yakale ya HKD mu mzinda wa Mulhouse. Kuyambira cha m'ma 1960 Fritz adayamba kugula magalimoto akale mwa njira imene anthu adali asanaionepo. Adapeza buku la maina a eni magalimoto a Bugatti m'maiko osiyanasiyana, naŵalembera makalata onena kuti iye ali wokonzeka kugula. Mu 1963 adagula zimene zidatsala ku banja ndi ku fakitale ya Bugatti, magalimoto 18 pamodzi ndi mainjini ndi zipangizo zambiri, ndipo pakati pake padali Royale ya Ettore mwini wake, yotchedwa Coupé Napoléon. Kenaka adamva za John Shakespeare wa ku Illinois ku America, amene adali ndi ma Bugatti 30, imodzi mwa iwo Royale ina ya bodi yomangidwa ndi Park Ward ku London. Atakanganirana mtengo kwa nthaŵi yaitali adamvana pa madola 85,000, ndipo mu Malichi 1964 magalimoto onse 30 adakwezedwa pa sitima yapamtunda kupita ku New Orleans, kuchokera kumeneko pa sitima yapamadzi mpaka ku Le Havre. Ana asukulu agaŵe okha 85,000 ndi 30, adzapeza kuti galimoto iliyonse sidafike madola 3,000. Pofika 1967 ma Bugatti okha adali atapitirira 100, osaŵerengera ma Rolls-Royce, Hispano-Suiza, Maybach, Mercedes-Benz ndi ena ambiri. Akuluakulu adati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Koma m'zaka zimenezo nthambi idali isanathyoke.

Ntchito ya amisiri

Ambiri a magalimoto ameneŵa ankafika ali odwala, ena ali mitembo yeniyeni. Fritz adapatula amisiri okwana ngati 40, amakaniko, akalipentala, osula malata, osoka zikopa ndi opaka penti, naŵaika m'chigawo chobisika cha fakitale, ataŵalonjezetsa kuti sadzaulula zimene akuchita. Pa anthu onse a m'nkhani ino, aŵa ndiwo ayenera ulemu wosakayikitsa, ndipo achinyamata amene akuphunzira ntchito zamanja achita bwino kumvetsera chimene ntchito yotere imafuna.

Wokonza galimoto yakale amayamba ndi kuiphwasula yonse mpaka kabauti kotsiriza, akulemba ndi kujambula malo a chinthu chilichonse, chifukwa palibe buku limene lidzamuuze mmene mmisiri wa 1930 adalumikizira chitseko cha galimoto imeneyo yokha. Bodi ikachotsedwa, amayesa chasisi ngati idakali yoongoka, nafufuza ming'alu ndi malo amene dzimbiri ladya. Kenaka pamabwera ntchito ya matabwa. Madzi amene adaloŵa pa mazenera kwa zaka makumi angapo amakhala ataoletsa mafupa a ash, makamaka m'munsi mwa zitseko, ndipo bodi yonse imagwedera. Kalipentala amachotsa thabwa loola lokhalo, nasema lina lofanana nalo ndendende, pakuti akaphonya ndi pang'ono pomwe malata akale sadzakhalanso bwino pamwamba pake ndipo chitseko sichidzatsekeka. Malata amene adadyeka amaŵadula, nasula ena atsopano ndi nyundo yamtengo pa thumba la mchenga, kenaka naŵapititsa uku ndi uku pakati pa magudumu aŵiri achitsulo kufikira atapindika mosalala monga chipande. Ntchito imeneyi imayendera diso ndi chikhatho. Mmisiri amadziŵa kuti pakwana posisita ndi dzanja.

Injini ili ndi mavuto akeake. Mabeyaringi a injini zambiri za nthaŵiyo sagulidwa m'sitolo: amasungunula chitsulo chofeŵa choyera, nachithira pamalo pake, chikazizira nachipala pang'onopang'ono mpaka shafiti itazungulira mosagwira ndiponso mosagwedera. Magineto, imene imapereka moto ku mapulagi, imafuna kukulungidwanso waya watsopano woonda ngati tsitsi. Giya lothyoka mano amachita kulisema latsopano pa makina, potsata lakale kapena chojambula cha ku fakitale ngati chapezeka, ndipo apa mpamene zipangizo zimene Fritz adagula ku Molsheim zidathandiza. Injini za Bugatti zinkavuta mwapadera chifukwa zambiri mutu ndi thunthu la injini zidaumbidwa chinthu chimodzi, kotero kuti munthu wofuna kungonola mavalavu ayenera kutsitsa injini ndi kuiphwasula kuyambira pansi. Zikatha izi mpamene amapaka penti, kupaka ndi kupala, kupaka ndi kupala, kangapo konse, nasoka mipando ndi chikopa chatsopano. Galimoto imodzi imatha kudya maola zikwi zingapo a ntchito. Tsono chulukitsani ndi mazana.

Pali chinthu chimodzi chimene odziŵa za magalimoto akale amamdandaula nacho Fritz mpaka lero. Ma Bugatti ambiri adalamula kuti apakidwe mtundu wobiriŵira ngati thambo, umene udali mtundu wa magalimoto a mpikisano a ku France, osasamala kuti galimotoyo idatuluka ku fakitale ili ya mtundu wanji. Ameneyu ndiye msampha wa wokonza zakale aliyense: pofuna kukongoletsa, amafafaniza mbiri imene ankati akuisunga.

M'mene amisiri ankagwira ntchito, anthu ena ankakonza malo oonetsera. Makoma a m'kati mwa fakitale adagwetsedwa, padatsala chipinda chimodzi cha masikweya mita 17,000. Magalimoto adaimikidwa pa timiyala toyera, pakati pake padadutsa tinjira ta matailosi ofiira, ndipo m'mbali mwa tinjirato mudaimikidwa nyale zachitsulo pafupifupi 800, zotsanzira nyale za pa mlatho wa Alexandre III ku Paris. Padamangidwanso malo odyera. Poloŵera padaikidwa chithunzi cha mai Jeanne ndi mau opereka nyumba yonseyo kwa iwo. Chikondi cha ana kwa mai ao sitingachinyoze. Chodabwitsa n'chakuti kachisi wa chikumbutsoyu adakhala chitsekere; alendo oŵerengeka okha osankhidwa ndi Fritz ndiwo ankaloledwa kusuzumiramo, ndipo magalimoto okonzedwa ndi khama lotere, opangidwira kuyenda, adangoima chiimire.

Nthambi ithyoka

M'zaka za m'ma 1970 malonda a nsalu adayamba kufa ku Ulaya konse. Nsalu zotsika mtengo zinkachokera ku maiko a ku Asia, ulusi wopangidwa ndi mankhwala unkalanda malo a ubweya, ndipo mafakitale ambiri a ku Alsace adatsekedwa, ngakhale a eni ake amene sadagulepo galimoto yakale ndi imodzi yomwe. Ichi tiyenera kuchinena poyera kuti tisaŵasenzetse abaleŵa mlandu wa dziko lonse. Komabe fakitale imene ikulimbana ndi mphepo yotere imafuna makina atsopano ndi ndalama zosungira tsiku loipa, ndipo kwa zaka zoposa khumi ndalama zambiri za a Schlumpf zinkathera m'chipinda chotseka chija. Mu 1976 makampani ao adalephera kubweza ngongole. Abaleŵa adanena kuti ali okonzeka kugulitsa mafakitale ao pa mtengo wa franc imodzi yokha, koma ndani akadagula ngongole? Anthu pafupifupi 2,000 adaona ntchito yao ikutha. Ambiri adali a m'midzi ya m'chigwa mmene mudalibe ntchito ina, mabanja amene bambo, mai ndi ana achikulire onse ankalandira malipiro pa zenera limodzi.

Antchito a ku Malmerspach adanyanyala ntchito, nazinga nyumba ya mabwana ao masiku atatu. Kumayambiriro kwa Okutobala 1976 apolisi adabwera kudzaŵatulutsa abale aŵiriwo, ndipo iwo adaoloka malire kupita ku Basel m'dziko la Switzerland, makilomita ngati 30 chabe kuchokera ku Mulhouse, nakakhala m'hotela yapamwamba yotchedwa Les Trois Rois. Popeza adali nzika za Switzerland, boma la France silikadatha kuŵabweza kuti adzayankhe mlandu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Patapita miyezi isanu antchito aja, motsogozedwa ndi bungwe lao la CFDT, adaloŵa m'nyumba ya magalimoto monga tafotokozera poyamba. Mkwiyo udalipo, ndipo kagalimoto kamodzi kosakonzedwa, ka mtundu wa Austin 7, adakatentha. Koma chimene chidatsatira n'chimene chimachititsa nkhaniyi kukhala yoyenera kuisimba. Anthu amene akadatha kuphwanya zonse ndi nyundo usiku umodzi adasanduka alonda a magalimotowo. Adaitcha nyumbayo Musée des Travailleurs, ndiko kuti nyumba yoonetsera ya antchito, natsekula zitseko kuti aliyense aloŵe ulere, ndipo wofuna ankaponya kangachepe potuluka kuti kathandize mabanja osoŵa ntchito. Pa magalimoto ena adaikapo zikwangwani zonena malipiro amene wantchito ankalandira pamwezi, n'kuwonjeza kuti zotsalazo ndi izi mukuziona apa. Adakhalamo zaka ziŵiri, mpaka Malichi 1979, ndipo anthu pafupifupi 800,000 adabwera kudzaona.

Kodi magalimotowo adali a yani? Fritz adaumirira mpaka imfa yake kuti adali ake, kuti adaŵapulumutsa pa nthaŵi imene anthu ena ankaŵataya kudzala, ndi kuti adalandidwa. Mbali yachiŵiri ya mau akeŵa ndi yoona ndithu. Popanda iye ambiri a magalimotowo bwenzi atasungunulidwa kalekale. Antchito nawonso ankati adagulidwa ndi thukuta lao. Bwalo la milandu la ku France, poweruza abaleŵa iwo kulibe, lidapeza kuti adagwiritsa ntchito chuma cha makampani pa zofuna zao. Pamenepa mpamene pagona nkhani. Munthu wogula chokondweretsa mtima wake ndi ndalama zotuluka m'thumba mwake angatchedwe wopusa kapena wanzeru, zili kwa oona. Koma thumba la kampani si la bwana yekha, ngakhale dzina lake likhale pa chipata, pakuti m'thumba lomwelo ndimo muli malipiro a mwezi wamaŵa a anthu amene sadafunsidwe.

Amene abaleŵa adali nao ngongole ankafuna kuti magalimoto agulitsidwe, ndipo ogula ochokera kunja adali tcheru. Mu 1978 boma la France lidaika magalimotowo m'kaundula wa chuma cha mbiri ya dziko chotetezedwa ndi lamulo, kuti asatuluke m'dzikomo. Lamulo limeneli lidasunga magalimoto pamodzi, koma lidatsitsanso mtengo wake, popeza chinthu chimene sungachitulutse kunja ogula ake amachepa. Mu 1981 bungwe lopangidwa ndi mzinda wa Mulhouse, maboma a chigawocho, a zamalonda ndi mabungwe a zamagalimoto lidagula zonse pa ma franc 44 miliyoni, ndipo pa 10 Julayi 1982 nyumbayo idatsekulidwa monga Musée National de l'Automobile. Tsono kumbukirani mafiriji aja. Mu 1987 imodzi mwa ma Royale aŵiri amene Cunningham adagula, ya bodi ya Kellner, idagulitsidwa pa okushoni ku London pa mapaundi 5.5 miliyoni. Paundi imodzi pa nthaŵiyo inkasinthidwa ndi ma franc pafupifupi 10. Ndiye kuti galimoto imodzi idaposa mtengo umene magalimoto onse a ku Mulhouse, ma Royale aŵiri ali momwemo, adagulidwira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Mafakitale a ulusi aja sadatsekulidwenso m'dzina la a Schlumpf.

Mlandu suola. Fritz adalimbana m'makhoti zaka zambiri ali ku Basel, ndipo mu 1989, chaka chimene Hans adamwalira, bwalo lidalamula kuti pa dzina la nyumbayo pawonjezedwe mau akuti Collection Schlumpf, amene alipo mpaka lero. Fritz adamwalira mu 1992. M'nyumbamo muli magalimoto oposa 400 oonetsedwa, ma Bugatti oposa 100, ma Royale aŵiri enieni, ndi yachitatu yotsanzira ya Esders ija, imene amisiri a Fritz adaiyamba ndi zipangizo za ku Molsheim ndipo idamalizidwa ndi a nyumbayo pambuyo pake. Nyale zotsanzira za ku Paris zija zikuyakabe.

Dzimbiri lipeza ulemu

Pa zaka zapitazi maganizo a osunga magalimoto akale asintha kwambiri, ndipo tsopano ambiri amati galimoto imakhala yeniyeni kamodzi kokha: ukachotsa penti ya mmisiri woyamba ndi chikopa chimene mwini woyamba adakhalira, sudzazibwezanso ngakhale ulipire zingati. Mu 2009 anthu osambira pansi pa madzi adavuula Bugatti yaing'ono ya m'zaka za m'ma 1920 m'nyanja ya Maggiore, kumalire a Switzerland ndi Italy, mmene idagona zaka zoposa 70. Mbali imene idakwiririka m'matope idasungika, mbali inayo idadyeka. Idagulitsidwa pa okushoni ku Paris mu 2010 pa ma euro 260,500, ndipo woigula, Peter Mullin wa ku California, sadaikonze konse, adaiwonetsa monga momwe idavuukira. Mu Ogasiti 2024, pa chionetsero chachikulu cha magalimoto akale cha ku Pebble Beach, kumene mphotho yoyamba inkapita nthaŵi zonse kwa galimoto yonyezimira koposa, idapambana ndi Bugatti Type 59 ya 1934 yosakonzedwanso, ya penti yokalikakalika ndi mipando yothetheka, imene kale idali ya Mfumu Leopold III ya ku Belgium. Aka kadali koyamba kuti galimoto yotere ipambane.

Ku Malmerspach kudali kutatsala magalimoto ena m'nyumba yosungiramo katundu, amene amisiri 40 aja sadaŵafikire. Mu 1999 bwalo lidapereka 62 a iwo kwa Arlette, mkazi wamasiye wa Fritz. Iye atamwalira mu 2008 adagulitsidwa, ndipo angapo adagulidwa ndi Mullin yemwe uja, amene adaŵaimika m'nyumba yake yoonetsera ku Oxnard ali ndi dzimbiri lao, matayala ophwa ndi nsalu zong'ambika, anthu namabwera kudzaŵaona chomwecho. Mullin adamwalira mu 2023, nyumba yake idatsekedwa mu Febuluwale 2024, ndipo magalimotowo adapitanso pa okushoni, namwazikana kwa eni atsopano.